Miyezi 14 ndi NAS yanga: bokosi silinandikhumudwitse, koma disiki imodzi inandisowetsa tulo

Sabata yatha mnzanga anandifunsa ngati angagule NAS (bokosi losungira mafayilo lolumikizidwa ku netiweki ya m'nyumba) yofanana ndi yanga kuti azisungiramo zithunzi za banja ndi zikalata za ntchito, ndipo ndinaona kuti kungomuyankha kuti inde kapena ayi kukanakhala kumunamiza. Bokosi langa lili ndi malo a madisiki anayi, ndinaikamo TrueNAS (pulogalamu yoyendetsa bokosilo) ndi RAM ya 16 GB, ndipo lakhala likuyaka usana ndi usiku kwa miyezi 14.

Zambiri zimayenda popanda kuziganizira. Makompyuta onse a m'nyumba amaona mafoda kudzera pa SMB (njira yogawanira mafayilo pa netiweki), ndipo mafoni amatumiza zithunzi okha akalumikizana ndi Wi-Fi. Pa waya wa gigabit mafayilo akuluakulu amayenda pafupifupi 110 MB pa sekondi, pomwe ndi pothera mphamvu za wayayo. Magetsi akazima, UPS (batire losungira magetsi) imauza bokosi kudzera pa USB ndipo limazima lokha mwadongosolo. Fani imangomveka usiku m'nyumba mukati zii.

Ndinayamba ndi madisiki atatu a 4 TB mu RAIDZ1 (njira yophatikizira madisiki kuti azigwira ntchito ngati imodzi), zomwe zimandipatsa malo opitirira pang'ono 7 TB ndipo zimalola kuti disiki imodzi yokha ife popanda kutaya kanthu. M'mwezi wachisanu ndi chinayi ndinalandira imelo yochenjeza kuti pa disiki yachiwiri nambala ya SMART (njira yomwe disiki imadziyezera thanzi lake) yotchedwa Current Pending Sector, yowerengera tizigawo tomwe tikukanika kuwerengeka, yachoka pa ziro, ndipo patangopita masiku atatu inali itakweranso. Ndinaichotsa, n'kuitengera kwa wogulitsa pamodzi ndi risiti, popeza waranti inali isanathe. Patatha masabata awiri anandipatsa ina ya 4 TB, ndipo sindinalabadire kuti nambala yake ya mtundu inasiyana ndi yakale pa zilembo ziwiri.

Nditaiika, ZFS, pulogalamu yosamalira mafayilo pa madisikiwo, inayamba kubwezeretsamo zonse zomwe zinali pa disiki yakufayo. Ola loyamba zinkathamanga bwino, kenako liwiro linagwa mpaka kufika pa ma MB ochepa pa sekondi, ndipo nthawi yotsala yomwe makinawo ankaonetsa inkangowonjezeka m'malo mochepa. Usiku wachitatu ndinadzuka pakati pa usiku kukayang'ana, n'kupeza nyali ya disikiyo yafiira ndipo pa sikirini palembedwa FAULTED, kutanthauza kuti makina asiya kuigwiritsa ntchito poiona ngati yowonongeka. Ndinakhala pansi pafupi ndi bokosilo ndikumvetsera madisiki awiri otsalawo akuzungulira, ndikudziwa kuti imodzi mwa iwo ikangolephera, zithunzi zonse za ana kuyambira ali makanda zapita. Usiku umenewo bokosilo ndinadana nalo, ngakhale linali losalakwa.

M'mawa mwake ndinafufuza nambala ija ndipo ndinapeza kuti disikiyo inali ya SMR, osati CMR (mtundu womwe mizere yake yolembapo sisanjikizana) ngati zinzake. Mu SMR mizere yolembapo imasanjikizana ngati matailosi a padenga, choncho kusintha mzere umodzi kumafuna kulembanso mizere yoyandikana nawo. Disiki yotere imakhala ndi kachigawo kosungira kaye zolembedwa, ndipo kakadzaza, monga zimachitikira ZFS ikamalemba tizidutswa tambirimbiri kwa maola ochuluka, disiki imachedwa kuyankha mpaka makina amaiona ngati yafa. Nkhaniyi inamveka kwambiri mu 2020 pamene zinadziwika kuti madisiki ena ogulitsidwa kuti ndi a NAS anali a SMR popanda kulembedwa pa chizindikiro chake, ndipo kuchokera nthawi imeneyo opanga madisiki amaonetsa pa mndandanda wawo kuti uwu ndi mtundu uti. Ndikanawerenga mndandandawo ndisanachoke m'sitolo, zonsezi sizikanachitika.

Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi mmene wogulitsayo anandiyankhira. Anati 4 TB ndi 4 TB basi, ndipo disikiyo ataiyesa pa kompyuta yawo inagwira ntchito, choncho kwa iwo waranti inali itakwaniritsidwa. Zoonadi pa kompyuta wamba imagwira, koma ine ndinagula madisiki a NAS ndipo pa risiti panalembedwa choncho. Ndinapitako katatu ndi mapepala osindikiza. Pomaliza anavomera kuilandiranso pokhapokha nditawonjezera ndalama zogulira ya CMR, yomwe inafika patatha masabata ena atatu. Pa nthawi yodikirayi ndinagulanso disiki yakunja ya USB kuti ndikhale ndi kope lina la mafayilo, chinthu chomwe ndinayenera kuchita tsiku loyamba chifukwa RAID, kuphatikiza madisiki kuja, siteteza ku kufufuta mwangozi, kuba kapena moto. Disiki ya CMR itaikidwa, ntchito yomwe inakanika masiku atatu inatha usiku umodzi, ndipo scrub yotsatira (kuwerenga zonse zosungidwa pofufuza zolakwika) sinapeze cholakwika ngakhale chimodzi.

Masiku amene zonse zili bwino ndimaona kuti bokosili ndi ndalama zogwiritsidwa ntchito mwanzeru. Ndikawerengera UPS, disiki yakunja, ndalama zowonjezera zija ndi magetsi a chaka chonse, mtima umatsika, chifukwa zonse pamodzi zaposa kwambiri zomwe ndinakonzekera poyamba. Mnzanga ndamuuza kuti bokosi agule lomwelo, madisiki agule anayi a CMR n'kuwaika mu RAIDZ2, yomwe imalola kuti madisiki awiri afe popanda kutaya kanthu, ndipo nambala yonse ya mtundu wa disiki ilembedwe pa risiti asanapereke ndalama. Malo achinayi m'bokosi langa akadali opanda disiki, ndipo ndikadzapeza ndalama yake sindidzakaigula m'sitolo ija.