Ndemanga: kasitima komanga wekha ka Yukikaze, sikelo ya 1/350

Ndikupereka nyenyezi zinayi pa zisanu. M'bokosi ili muli tizidutswa ta pulasitiki tomata ndi guluu kuti patuluke Yukikaze, sitima yankhondo ya Japan ya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya mtundu wa destroyer (sitima zocheperako koma zothamanga), ya gulu la Kagerō. Sitima yeniyeni inali yotalika mamita 118.5, choncho kanu kamatuluka masentimita pafupifupi 34, kokwana bwino pashelefu. Kamene ndinagula ine kakuonetsa mmene sitimayi inalili mu Epulo 1945, ndipo ngati mwapeza ka 1940 ndi ka 1945 pamodzi, tengani ka 1945.

Thunthu lake linalumikizana popanda mpata woti n'kumatapo. Pulasitiki ndi yosalala, sandipepa ndinangomugwiritsa ntchito pang'ono pamene ndinadula tizidutswa. Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi pakati pa sitimayo, pamene pali mipope yoponyera torpedo, bomba lodziyendetsa lokha m'madzi. Pali magulu awiri a mipope inayiinayi, iliyonse ya mamilimita 610, ndipo pafupi nayo pali mabokosi aataliatali osungiramo ma torpedo ena 8. Ukamamata zimenezi ndi pamene umamvetsa kuti sitima yonseyi anaipanga poganizira chida chimodzi chimenechi. Torpedo ya Type 93 inkayendera okosijeni m'malo mwa mpweya wamba, motero inkapita kutali, pafupifupi makilomita 40, osasiya mzere wa thovu woti adani auone. Akuluakulu a asilikali apamadzi a Japan ankayembekezera nkhondo ya usiku yoti ma destroyer athamange pa liwiro la ma knot 35 (makilomita pafupifupi 65 pa ola), aponye ma torpedo pa sitima zikuluzikulu za America, abwerere m'mbuyo, alowetse ena m'mipope, n'kuponyanso. Okonza kasitimaka anaonetsa ngakhale tinjanji tokankhirapo ma torpedo padenga la sitima, ndipo ukatipaka penti mosamala timaoneka bwino kwabasi.

Tsono chifukwa chimene ndikunenera za 1945 ndi ichi. Poyamba sitima za Kagerō zinali ndi mizinga 6 ya mamilimita 127, iwiriiwiri m'tinyumba titatu, kamodzi kutsogolo, tiwiri kumbuyo. Pa kasitima aka, kanyumba kamodzi ka kumbuyo kulibe. Anakachotsa nkhondo ili mkati, n'kuikapo mfuti za mamilimita 25 zowombera ndege, ndipo mfuti zina zotere anazimwaza paliponse pamene panali malo. Pamlongoti pali radar, chida choonera adani ali patali ngakhale mumdima, imene poyamba kunalibe. Ine ndinatha madzulo angapo ndikumata timfuti timeneti, kalikonse kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo m'manja momwemo ndinaona mmene nkhondo inasinthira. Sitima inapangidwira kumenyana ndi sitima inzake mumdima, koma adani amene anamaliza zambiri mwa izo anachokera kumwamba, pansi pa madzi ndiponso m'mabomba otchera panyanja. Mizinga ikuluikulu ija inkachedwa kutembenuka, sinkatha kutsatira ndege.

Sitima za gulu ili zinalipo 19, ndipo imene inapulumuka nkhondo ndi Yukikaze yokha. Kagerō, Kuroshio ndi Oyashio zinagunda mabomba otchera m'madzi pafupi ndi chilumba cha Kolombangara mu Meyi 1943, zikuchokera kokatula katundu wa asilikali, ntchito imene sanazipangire n'komwe. Arashi ndi Hagikaze zinamira ku Vella Gulf mu Ogasiti chaka chomwecho, pamene Aamerika anaziona pa radar n'kuzilasa ndi ma torpedo usiku, nthawi imene Ajapani ankaiyesa yawo. Yukikaze, imene anaimanga ku Sasebo n'kuyamba ntchito mu Januwale 1940, inalipo pa nkhondo za ku Java Sea, ku Guadalcanal, ku Bismarck Sea ndi ku Leyte Gulf. Inali pakati pa zoperekeza Shinano pamene sitima yaikuluyo inamizidwa mu Novembala 1944. Pa 7 Epulo 1945 inaperekeza sitima yaikulu yankhondo ya Yamato pa ulendo wa ku Okinawa. Yamato inamira, Hamakaze ndi Isokaze za gulu lomwelo zinatheranso konko, ndipo Yukikaze inatola anthu m'madzi n'kubwerera kwawo. Mu sitima iliyonse yotere munkakhala anthu pafupifupi 240, ambiri anyamata. Ndikamamata timabwato topulumukira m'mbali mwake, ndinkalephera kuiwala zimenezo, ndipo ndikanakonda kuti pepala la m'bokosi lizinenako. Limangotchula nkhondo ndi zaka basi.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mulibe timipanda ta m'mbali mwa sitima. Popanda timeneti kasitima kamaoneka kosamalizidwa, ndiye umakakamizika kugula padera ta mkuwa, mtengo n'kukwera. Chachiwiri, malangizo a penti sanalongosole bwino za pansi pofiirira pamene ankayala linoleum, ndi timizere ta mkuwa tomwe tinkaigwira. Chithunzi chake n'chaching'ono, malire a pofiirira ndi potuwa saoneka. Ndinachita kufunafuna zithunzi pa intaneti kuti ndidziwe poyambira ndi pothera. Pakani pofiirirapo choyamba, muphimbe ndi tepi, kenako mupake potuwa, ndipo muchite izi musanamate mfuti, chifukwa zikakhalapo burashi silowanso.

Guluu ndi penti mulibe m'bokosi, mugule nokha. Mufunikanso kachitsulo kopanira tinthu ting'onoting'ono, lezala lakuthwa, ndi nyale yowala. Yalani nsalu yoyera patebulo, apo ayi kamfuti kakadumpha simukapezanso. Si chidole cha mwana wamng'ono ayi, koma wachinyamata wofatsa wokonda mbiri angakwanitse ngati wamkulu akumuthandiza pa mlongoti, umene ndi wosachedwa kuthyoka.

Amene akufuna kumanga sitimayi mmene inalili nkhondo itatha adzafunika kusintha zambiri yekha. Mu 1947 inaperekedwa kwa Republic of China (boma limene kenako linasamukira ku Taiwan), inatchedwa Tan Yang, ndipo ku Taiwan anaiika mizinga ina yosiyana ndi ya m'bokosi ili. Anaiphwasula cha m'ma 1970, koma nangula wake anabwezedwa ku Japan ndipo ali ku Etajima. Bokosi ili limathera pa 1945, ndipo pa chaka chimenecho ndakhutira nalo.