Ma sneaker ovala tsiku ndi tsiku: zimene zimaoneka pakatha miyezi

Poyesa koyamba, sneaker imene imakoma kuphazi ndi yopepuka, ya siponji yofewa pansi ndi nsalu ya timabowo pamwamba. Koma nsapato yovala tsiku lililonse siidziwika m'sabata yoyamba. Ndemanga ino ikuyerekeza mitundu itatu itavalidwa kupitirira theka la chaka pa maulendo wamba, kuntchito ndi poyenda pansi: ya nsalu ya timabowo yokhala ndi soli yasiponji, yakanvasi ya soli yopyapyala, ndi yachikopa ya soli yalabala yosokedwa.

Tiyambe ndi yasiponji, chifukwa ndi imene imakopa anthu ambiri. Siponji ya pakati pa soli nthawi zambiri imakhala ya EVA, pulasitiki yodzaza ndi timatumba ta mpweya. Mukaponda timatumbato timaphwa, mukanyamula phazi timafufumanso. Pakapita nthawi timaleka kubwerera. Chizindikiro choyamba ndi makwinya opingasa m'mbali mwa soli, makamaka pansi pa chidendene. Kenako nsapato imayamba kupendekera mbali imene mumapondera kwambiri, ndipo madzulo mumamva kutopa m'mapazi ndi m'mawondo pamene kale simunkamva kanthu. Pamwamba imaonekabe yatsopano, n'chifukwa chake ambiri sazindikira kuti yatha. Opanga nsapato zothamangira amalangiza kuzisintha zikayenda makilomita 500 mpaka 800. Kuyenda sikupsinja siponji ngati kuthamanga, komabe muwerengere nokha: munthu woyenda makilomita 5 patsiku amakwanitsa 500 m'masiku 100 okha.

Chachiwiri pa mtunduwu ndi pansi pake. Pofuna kuti nsapato ipepuke, opanga ena amaika labala kuchidendene ndi kutsogolo kokha, pakati n'kusiya siponji ili pamtunda. Pa konkire ndi phula siponji yotere imaperepeseka msanga, timizere togwira pansi timafafanizika, ndipo nsapato imayamba kuterera pa matailosi onyowa. Nsalu ya timabowo imapititsa mphepo bwino, apa palibe yoiposa m'nyengo yotentha, koma imalowetsanso fumbi ndi madzi, ndipo imabooka pamwamba pa chala chachikulu ngati nsapato ili yothina kapena zikhadabo zakula.

Yakanvasi ili ndi zofooka zochepa koma zodziwikiratu. Soli yake amaimata ku nsalu poiwotcha, ndipo kalamba kalabala kozungulira m'mbali kamayamba kumatuka pamalo pamene phazi limapindikira, kuseri kwa zala. Pansi pake sipamatha msanga. Vuto n'lakuti ndi yosalala ndi yopyapyala, ilibe chochirikiza pakati pa phazi, moti kuimirira nayo tsiku lonse kumapweteka chidendene. Ndi yabwino pa maulendo afupiafupi, osati kwa munthu amene amaweruka ali chiimire.

Yachikopa ndi imene yapambana, ngakhale kuti ndiyo inali yosasangalatsa poyamba. Ndi yolemera, ndipo m'masabata awiri kapena atatu oyamba imakhala yolimba, mwina n'kutulutsa thuza kuchidendene. Ikafewa imatenga maonekedwe a phazi lanu n'kukhala choncho. Soli yake ndi labala mmodzi woumbidwa ngati mbale, chikopa chimakhala m'kati mwake, ndipo kuwonjezera pa guluu pali ulusi wozungulira nsapato yonse. Kapangidwe kameneka mungakaone pa Adidas Stan Smith kapena Nike Air Force 1. Guluu akatopa ulusi umagwirabe, ndipo wosoka nsapato akhoza kusokanso m'mabowo omwewo. Pakatha miyezi chimene chimaoneka ndi makwinya pamwamba pa zala ndi kutha pang'ono kwa chidendene chakunja, zomwe si vuto. Chofooka chake chenicheni ndi kutentha: chikopa sichipititsa mphepo ngati nsalu, ndiye thukuta limachuluka.

Apa muchenjere, pakuti si chilichonse chonyezimira chili chikopa. Chopanga chimakhala nsalu yokutidwa ndi pulasitiki yopyapyala, ndipo pamakwinya paja chimang'aluka n'kuyamba kusupuka. Chikatero palibe polishi amene angachibweze. Werengani kachizindikiro ka pansi pa lilime la nsapato kapena pabokosi, muonenso m'mphepete mwa chikopa pamene anadula: chenicheni chimakhala chaubweyaubweya, chopanga chimaonetsa nsalu kapena siponji. Onaninso ulusi wa pasoli. Pa nsapato zina umakhala wongoumba palabala kuti zioneke ngati zosokedwa.

Pali malo amodzi amene anatha pa mitundu yonse itatu: nsalu ya m'kati kuseri kwa chidendene. Imabooka chifukwa cha kukhulana, ndipo kukhulanako kumachokera ku zinthu ziwiri, nsapato yokhwepa ndi chizolowezi choivula moiponda ndi phazi linalo zingwe zili chimangire. Chizolowezichi chimathyolanso kachikho kolimba kamene kamagwira chidendene, ndipo kakathyoka sikawongoka. Masulani zingwe povala ndi povula. Ngati nsapato ili ndi bowo lowonjezera pamwamba penipeni, lowetsani chingwe chilichonse m'bowo la mbali yake kuti chipange kagonga, mupingasitse nsonga zake m'timagongato, kenako mukoke ndi kumanga. Chidendene chimasiya kukwera ndi kutsika.

Saizi yolakwika imapha nsapato yabwino. Yesani madzulo, pamene mapazi afufuma, mutavala masokosi amene muzivala nayo. Yesani mapazi onse awiri mutaimirira, ndipo mutsatire lalikulu. Pakati pa chala chachitali ndi nsonga ya nsapato pasale mpata wa sentimita 1 mpaka 1.5. Musadalire nambala yokha, chifukwa 42 ya kampani ina siifanana ndi 42 ya inzake. Chikopa chimatambasuka pang'ono m'lifupi, koma m'litali palibe nsapato imene imakula. Musanasankhe, ipindeni: ipindikire pamene zala zimapindikira, osati pakati. Ipotoleni ngati mukufinya chovala, ndipo ikane pang'ono. Finyani kuchidendene, pakhale polimba. Pomaliza kokani kasiponji kopondapo ka m'kati. Ngati kakutuluka, ndi mwayi waukulu, chifukwa ndi kamene kamayamba kuphwa ndi kununkha, ndipo kuika katsopano kumabwezeretsa kufewa pa nsapato yachikopa imene soli yake idakali yabwino.

Pa kasamalidwe, chimene chimasintha zinthu kwambiri ndi kupumitsa nsapato. Thukuta la tsiku limodzi silimauma usiku umodzi, choncho mapeya awiri osinthanasinthana amakhalitsa ndiponso sanunkha. Ikanyowa, chotsani zingwe ndi kasiponji ka m'kati, muike mapepala m'kati, muiyanike pamthunzi podutsa mphepo. Moto ndi dzuwa lamphamvu zimafewetsa guluu, zimaumitsa chikopa, ndipo dzuwa limasandutsa labala woyera kukhala wachikasu. Chikopa chimangofuna kansalu konyowa ndi mafuta ake mwa apo ndi apo. Kanvasi itsukeni ndi burashi ndi sopo pang'ono, koma mutsukuluze kwambiri, pakuti sopo wotsalira ndi amene amasiya mawanga achikasu. Makina ochapira amafulumizitsa kumatuka. Komanso musaisunge m'bokosi kwa zaka poganiza kuti mukuisamala: soli ya polyurethane, mtundu wina wa pulasitiki, imawonongeka ndi chinyezi ingakhale yosavalidwa, mpaka kuyamba kunyenyeka.

Soli ikayamba kuyasama, musadikire. Super glue ayi, amauma gwa n'kusweka popinda. Tsukani malowo, aume, mukhule pang'ono ndi sandipepala, mupake guluu wa nsapato mbali zonse ziwiri, mudikire mphindi 10 mpaka 15 kuti asiye kumata chala, kenako mupanikize mwamphamvu ndi kuisiya maola 24 musanavale.

Kwa munthu wofuna peya imodzi yovala masiku onse, yachikopa ya soli yosokedwa ndi kasiponji kochotseka ndiyo yoyenera. Woyenda mtunda wautali m'malo otentha atenge yasiponji, koma asankhe yokhala ndi labala pansi ponse, ndipo adziwiretu kuti adzaisintha msanga. Kuti mudziwe ngati nthawiyo yakwana, ikani peyayo patebulo muiyang'ane chakumbuyo. Ikapendekera mbali imodzi, kapena siponji ikaonekera pamene labala watha, kasiponji katsopano sikathandizanso.