Mlambe kapena kachere: uti woyamba nawo bonsai kuno ku Salima?

Bonsai ndi luso lolera mtengo mumphika kuti ukhale waung'ono koma uzioneka ngati mtengo waukulu. Mitengo ya bonsai yomwe timaisirira pa intaneti, monga paini ndi maple wa ku Japan, imafuna miyezi yozizira kwambiri kuti ipume, ndipo dzuwa la Okutobala ku Senga Bay lingaiphike isanathe sabata. Lusoli linayambira ku China n'kukakhwimira ku Japan, koma sililamula kuti mtengo ukhale wa kumeneko. Kuno kunyanja iwiri ndiyo yomwe anthu amalimbirana: mlambe ndi kachere. Yonse imapirira kutentha, yonse ndi yaulere, koma kasamalidwe kake n'kosemphana kotheratu.

Kachere simuvutika kumufunafuna. Mbalame zimadya tizipatso take n'kukanyera njere m'ming'alu ya zipupa, pamiyala ndi pathunthu la mgwalangwa, ndiye kamtengo mumakapeza katamera kale, kena katapindika bwino chifukwa chokulira pothina. Mukapanda kukapeza, dulani nthambi yonenepa ngati chala chachikulu kapena kuposa, muisiye utomoni uume, muizike mumchenga wonyowa mvula ikayamba. Imagwira. Ndiye kuti chaka choyamba chomwecho muli ndi thunthu loti n'kuyambapo ntchito.

Mlambe umayambira panjere, ndipo njerezo amayi opanga madzi a malambe amangozitaya. Khungu lake ndi louma gwa, moti mukangozikwirira m'dothi mutha kudikira miyezi. Zithireni madzi otentha zigone momwemo usiku, kapena palani mbali imodzi pasimenti mpaka khungu lipyapyale, kenaka fesani mu Okutobala kapena Novembala. Kambande kakatuluka musadabwe kuona tsamba limodzilimodzi m'malo mwa la zala zisanu lomwe mumalidziwa pamtengo waukulu. Mlambe waung'ono umatero kwa zaka zingapo, ndipo kwa ife n'zabwino, poti masamba amenewo ndi ocheperako. Vuto ndi thunthu. Mlambe wokulira mumphika kuyambira tsiku loyamba umangokhala kandodo. Kuti unenepe, uyenera kukhala pansi, m'munda kapena m'chitini chachikulu, zaka zitatu kapena zinayi, mukuudula pamwamba chaka ndi chaka. Amene akufuna chinthu choonetsa alendo chaka chamawa, apa wagwa nayo kale.

Pamadzi m'pamene anthu ambiri amaphera mitengo, ndipo m'pamene iwiriyi yasiyana kwambiri. Kachere ndi wa ludzu. Mumphika wosaya, m'nyengo ya mwera wa Juni mpaka Ogasiti dothi limauma mofulumira ngakhale kunja kukuzizira, ndipo mu Okutobala mumathirira m'mawa ndi madzulo. Mukamuiwala masiku awiri amayoyola masamba, koma mukamuthirira amaphukiranso. Amakhululuka. Mlambe suopa kuiwalika, umaopa chikondi. Thunthu lake ndi lofewa mkati, losunga madzi, ndipo pansi uli ndi muzu wonenepa ngati chinangwa. Masamba akayoyoka cha mu Meyi kapena Juni, mtengowo wagona, sukumwanso. Madzi onse omwe mungathire kuyambira pamenepo amangokhala m'dothi n'kuoletsa muzu uja, ndipo simudziwa kanthu mpaka tsiku lomwe mwakanikiza thunthu ndi chala n'kumva likubonyoka. Ukatero wapita. Choncho masamba akagwa, ikani mphika pakhonde pouma, manja kumbuyo, mpaka muone timaso tikutupa kunsonga za nthambi mvula ili pafupi. Kwa munthu wokonda kuthirira maluwa m'mawa uliwonse, miyezi inayi kapena isanu yongoyang'ana ndi chilango.

Dothi lake, mwamwayi, n'limodzi. Musavutike n'kuitanitsa akadama, dothi la bonsai la ku Japan. Phwanyani njerwa zowotcha, musefe kuti mutsale ndi tizidutswa tofanana ndi njere za chimanga, musakanize ndi mchenga wa miyalamiyala wa kumtsinje ndi manyowa owolerana bwino. Mchenga wosalala wa m'mphepete mwa nyanja umatsekeka, usiyeni. Kwa kachere onjezani manyowa, kwa mlambe onjezani njerwa ndi makala ophwanya pang'ono. Mphika ukhale ndi mabowo akuluakulu pansi. Amayi oumba mbiya amatha kukuumbirani wosaya mukawauza aboole usanaume. Ngati mjigo wanu uli ndi madzi a mchere, monga ina ya kuno, mudzaona zoyera m'mphepete mwa mphika. Tungani a mvula kapena a kunyanja.

Pa kaumbidwe ka mtengo, kachere ndiye sukulu. Mukadula nthambi, m'masabata ochepa patuluka ziwiri kapena zitatu, ndiye mumaona msanga zotsatira za lumo lanu. Waya wokulunga panthambi kuti zipindike amamumvera, wa kopa wosenda kuchokera ku mawaya akale a magetsi amagwira ntchito. Chenjerani kokha kuti m'dzinja nthambi zimanenepa mofulumira, waya n'kulowa m'khungwa mwezi usanathe, ndipo chipsera chake chimakhala zaka. Masamba akakula kwambiri, mu Disembala kapena Januwale mutha kuwadula onse n'kusiya timapesi tokha, omwe abwere adzakhala aang'ono. Chitani zimenezi pamtengo wathanzi basi, kamodzi pachaka. Chomwe chimandikoka ine kwa kachere ndi mizu. Mukamukhazika pamwala, mizu mwaiyala m'mbali n'kukwirira zonse ndi mchenga, pakatha chaka kapena ziwiri mukafukula mumapeza yaukumbatira mwalawo, monga mmene amachitira akachere a m'mapiri a ku Senga. Mizu yolendewera kuchokera ku nthambi nayo imatuluka m'chinyezi cha Febuluwale. Ilowetseni m'bango long'amba lodzaza mchenga kuti ifike pansi isanaume. Mphamvu yomweyo ndiyo vuto lake: mukaika mphika pansi, mizu imatulukira kubowo n'kulowa m'nthaka, ndipo mumayenera kumuzula ndi kudulira mizu chaka chilichonse kapena pakatha ziwiri.

Ena amafunsa za mkuyu, makamaka a ku Nkhotakota omwe anakula akuona mtengo uja David Livingstone anakumana pansi pake ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860. Ndi m'bale wa kachere ndipo umagwira chimodzimodzi, koma masamba ake ndi aakulu, okhakhala, ndipo sachepa bwino. Umafuna bonsai yaikulu.

Mlambe suphunzitsa mwachangu chotero. Waya umaumvera pomwe nthambi ili yanthete, mukachotsa nthawi zambiri imabwerera mwakale, ndiye njira yabwino ndi kudula, kudikira iphuke, kudulanso. Bala lalikulu limachedwa kupola. Pouwokera mumphika, zomwe zimachitika timaso tikayamba kutupa, mumadula muzu wonenepa uja ndi mpeni wakuthwa, kupaka phulusa pabala, n'kuusiya mtengowo pamthunzi uli wosabzala kwa masiku angapo kuti balalo liume. Munthu wodutsa amayesa mwautaya. Mukaubzala, dikiraninso sabata musanathirire. Maluwa ake oyera aja, omwe amatseguka usiku n'kuyenderedwa ndi mileme, musawayembekezere mumphika.

Koma tsiku loonetsa, mlambe umabweza ngongole yonse. Lamulo lakale la bonsai limati kutalika kwa mtengo kukhale kasanu ndi kamodzi kuyerekeza ndi kunenepa kwa thunthu. Mlambe umaliphwanya, ndipo ukafupika n'kunenepa m'pamene umakongola. Uonetseni mu Julayi kapena Ogasiti uli mbulanda, patebulo lofika m'maso, kumbuyo kuli chipupa chopanda zithunzi. Aliyense wa kuno amauzindikira asanauzidwe, ngakhale agogo omwe sanamvepo za bonsai. Kachere amaoneka bwino masamba atsopano atangokhwima, cha mu Febuluwale ndi Malichi, koma ena amangomuyesa duwa la pakhonde mpaka mutawaonetsa mizu.

Ine ndikuti yambani ndi kachere, awiri kapena atatu, muphunzirepo lumo ndi waya, ndipo chaka chomwecho fesani malambe kuseri kwa nyumba azinenepa mwakachetechete. Musatengeke n'kukakumba mitengo yakale ku Thuma kapena ku nkhalango ya Nkhotakota. Ndi malo otetezedwa ndi lamulo, ndipo ya m'mbali mwa munda wa munthu mupemphe kaye. Mbuzi zimakonda masamba a yonse iwiri, ndiye thandala likhale lalitali, miyendo yake mukuiyang'anira chiswe.

Mukakhala nayo yonse, musaindandalitse pathandala limodzi. Tsiku lomwe mudzapite kumaliro ku Lilongwe n'kuuza mwana kuti azithirira mitengo, iye adzathirira yonse mofanana, ndipo adzayambira womwe ukuoneka wouma. Mlambe uikeni mbali ina ya nyumba, mumange kansalu kofiira pamphika, mumuuze kuti wa kansaluwo asaukhudze mpaka mutabwera.