Nyenyezi zitatu: banjo ilibe mlandu, mlandu uli ndi woigulitsa

Ndadikira milungu isanu ndisanalembe, chifukwa ndikanalemba tsiku limene katoni inafika, bwenzi ndemangayi ili yosayenera kuwerenga ana.

Ndinagula banjo yaukulele ya kampani ya Dallas, imodzi mwa zija zokhala ndi dzina la George Formby kumutu (woimba wotchuka wakale wa ku Wigan, ku England), pa mapaundi 185, yotumizira 15 yapadera. Anzanga amene mumasonkhanitsa timabanjo taukulele timeneti mukudziwa kuti mtengowu si wakuba komanso si wotola. Kunyumba ndili nato kale tinayi: Keech, Windsor ya ku Birmingham ndi ma John Grey awiri, koma ya Formby ndinalibe. Pazithunzi chikopa chinali chathunthu, chofiirira ngati chakhalitsa pautsi, ndipo wogulitsayo analemba kuti ndi chomwecho chimene banjoyo inabadwa nacho. Chikopacho ndiye chinandikopa.

Katoni inafika Lachinayi madzulo. Kungoinyamula, ndinamva kanthu kakuti gobedegobede m'katimo, mtima unangoti myuu. Nditatsegula ndinakhala pansi. Munthu wodzitama patsamba lake kuti wakalambira pa malonda a zida zakale anaponya banjo m'katoni nsambo zili zokungakunga, kamtengo kochirikiza nsambo kali chiimire pachikopa, n'kufinyirapo manyuzipepala awiri, basi. Ngakhale wongoyamba kumene amadziwa kuti potumiza banjo umakhwefula nsambo, kamtengoko n'kukachotsa, kukakulunga pakokha. Katoni ikaponyedwa m'galimoto, mphamvu yonse imathera pa timiyendo ta kamtengo kaja, pomwe chikopa cha zaka pafupifupi 80 chimakhala chouma ngati fodya wam'chigafa. Chinang'ambika kuchokera pakamwendo kamodzi mpaka m'mphepete, kutalika ngati chala changa cha mkombaphala. Chimene chinkagobedeka chija chinali kanati ka kambedza kamodzi mwa tija tokungira chikopa.

Ndiye nsambozo, abale! Zachitsulo. Zida izi zinapangidwira nsambo za matumbo, lero timaikapo za nayiloni. Zachitsulo zimakoka khosi, zimadya mafuleti (timizere tachitsulo ta pakhosipo), ndipo zikhomo zakale zokungira nsambo zija zongogwira ndi kuthina sizingazipirire. Pamalondapo sanatchulepo n'komwe.

Ndinamutumizira zithunzi usiku womwewo. Yankho linabwera patatha masiku atatu, mzere umodzi: katundu anachoka m'manja mwake ali bwino, ndikadandaule kwa onyamula katundu. Ndinaimba foni. Ndikufotokoza za kamtengo kaja, anandidula pakamwa n'kundifunsa ngati ndimatha kuimba kapena ndangogula chopachika kukhoma. Apa ndiye pamene panandiwawa kuposa chikopa. Ine ndinakulira pamiyendo pa amalume anga akuimba banjo ya chigubu cha mafuta, nsambo zake za waya wa mabuleki a njinga, chikopa cha mbuzi chokhoma okha ndi timisomali. Lero wina azindiphunzitsa kusamala chikopa, iye atalephera kukhwefula nsambo zinayi? Ndinadula foni ndisanalankhule zoti ndidzanong'oneze nazo bondo. Mayi akunyumba anangoti, "Bambo a ana, zinayi zija sizikukwanirani?" Sindinayankhe.

Ndinafuna kuibweza, koma wogulitsayo ankati yotumizira ndilipire ndekha. M'malo mwake ndinapita nayo kwa mkulu wina wokonza zida amene ndinadziwana naye ku Blackpool, kumisonkhano ya George Formby Society. Ndinapita nditakonzeka kumva kuti ndataya ndalama. Mkuluyo anaiyang'ana mophinya diso limodzi kuchokera kumutu mpaka kumunsi, monga achitira kalipentala ndi thabwa. Khosi lowongoka. Mafuleti osadyeka kwenikweni, kusonyeza kuti nsambo zachitsulo zija sizinakhalitsepo. Mbale yakumbuyo yopanda mng'alu, timbedza tonse take take, palibe kobwereka. Anati ambiri amene amam'bweretsera amakhala atagula zoipa kuposa iyi pamtengo wokwera.

Chilungamo chake, pamenepa wogulitsa uja sananame. Zimene analemba za thupi la banjoyo zinali zoona.

Chikopa chatsopano, cha mwana wa ng'ombe, mkulu uja anachiviika m'madzi mpaka chinafewa ngati nsalu, n'kuchiyala pamkombero, kuchipinda pa kawaya kozungulira, kenako kukunga timbedza pang'onopang'ono, kamodzi uku kena uko, kuti chisapendekeke. Anachisiya masiku angapo chiume chokha. Zonse pamodzi ndi nsambo za nayiloni, mapaundi 45. Ndinamuuza kuti kwathu ng'oma ikakhwefuka timaiwamba pamoto. Anaseka, n'kundichenjeza kuti ndisadzayerekeze kuitsamiritsa pa chotenthetsera m'nyumba, ngakhale chinyezi cha kuno ku Manchester chiifewetse bwanji.

Tsiku lokaitenga anaichuna pa A, D, F#, B, machunidwe amene okonda Formby amawakonda, n'kundipatsa. Nditangokhwatcha kamodzi ndinadzidzimuka. Kanthu kakang'ono chonchi, koma mawu ake akuthwa, ouma, odumpha ngati chimanga chokazinga m'chiwaya. Keech yanga ndimaikonda, koma pafupi ndi iyi imamveka ngati ikuimbira m'thumba. Ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake mwana wa ku Wigan uja ankamveka mpaka kumipando yakumbuyo. Zikhomo zimaterereka pang'ono kukazizira, umangomanga kasikuluwu kakumbuyo, nkhani yatha.

Ndinatumiza lisiti la mkulu uja kwa wogulitsa, osayembekezera kanthu. Patapita sabata ndinaona mapaundi 25 alowa. Popanda uthenga, popanda pepani. Ndalandira, koma chikopa chakale chija, chimene ndinaperekera ndalama zanga, chili m'envulopu mudilowa, ndipo chimenecho sangandibwezere.

Banjo payokha ndikanaipatsa nyenyezi zisanu. Imodzi ndachotsera manyuzipepala aja, ina funso la pafoni lija. Ngati mukufuna kugula kwa ameneyu, katundu wake ndi weniweni, koma kwerani sitima mukatenge nokha. Zikavuta, mulembereni kuti akhwefule nsambo ndi kuchotsa kamtengo, ndipo akutumizireni chithunzi asanamate katoni.