Zimene madokotala anapeza m'mimba mwanga kuno ku Blantyre

Abale anga a kwathu ku Ntchisi, uthenga umene unakufikani woti ndili ndi khansa si woona, ndipo ndaganiza zolongosola ndekha chifukwa ndamva kuti amayi sakuona tulo.

Chibwerereni ku Ndirande, m'mimba mwakhala mukundiotcha, ndipo monga timachitira kwathu, ndinkangoti ndi zilonda zam'mimba n'kumagula mapiritsi pagolosale. Kuchipatala anandiuza kuti ndifike ndisanadye kanthu, kenaka anandilowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera pakamwa, n'kutsina timinofu tating'ono ngati njere za mapira kuti akatiunike.

Pepala la zotsatira linali ndi mawu akuti chronic gastritis ndi intestinal metaplasia, ndipo mnzanga amene ndinamuonetsa atafufuza pafoni n'kuona kuti khansa ikutchulidwa, mphekesera inayambira pomwepo. Adokotala anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti mawu oyambawo akutanthauza kuti khungu lam'kati mwa chifu lakhala lotupa kwa nthawi yaitali, pamene achiwiriwo akutanthauza kuti malo ena a khungulo asintha n'kuyamba kufanana ndi la m'matumbo. Kusinthako si khansa, ndipo anthu ambiri amene ali nako safika podwala khansa, koma chiopsezo chimakwererapo, n'chifukwa chake adzandiunikanso.

Gwero lake kwa ine ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti ndiko kamayambitsa zilonda zambiri zam'mimba. Ambiri timakatenga tili ana pakhomo pomwe tinakulira, ndipo kamakhala m'chifu kwa zaka osadziwika. Ndinamwa omeprazole, amoxicillin ndi clarithromycin kwa masiku 14, ndipo ngakhale m'kamwa munkawawa tsiku lonse, sindinadumphe ngakhale kamodzi, chifukwa kusiyira panjira kumachititsa kuti kachilomboko kasamvenso mankhwala. Anandiletsanso fodya, mchere wambiri ndi bufeni, amene ndinkamwa pafupipafupi msana ukamawawa, osadziwa kuti ndikuwonjezera moto m'chifu.

Amene akundidetsa nkhawa ndi amalume, chifukwa mwandiuza kuti akuonda ndipo chimbudzi chawo chikumakhala chakuda bii. Zimenezo zikhoza kutanthauza kuti magazi akutayika m'mimba, choncho musadikire kuti mugulitse kaye soya. Muwaperekeze kuchipatala cha paboma sabata ino, ndipo ndalama ya ulendo nditumiza pafoni ya achemwali mawa m'mawa.