Chipolopolo chamkuwa mu mfuti ya .308: 130, 150 kapena 180 grain?

Mlenje amene anazolowera kupha mbawala ndi chipolopolo chamtovu cha 180 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo), akayamba kudzikonzera zamkuwa amafuna kulemera komweko, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokera. Mkuwa ndi wopepukirapo, 8.96 g pa cm³ pomwe mtovu ndi 11.34. Kuti chamkuwa chifike kulemera komweko chimatalika, chimalowa kwambiri m'chigoba n'kulanda malo a wonga, komanso chimafuna mizere ya mumpope yopota msanga kuti chisamagwedezeke pouluka.

Chinanso n'chakuti chamkuwa sichinyenyeka. Chipolopolo chamkuwa cha kampani ya Barnes chotchedwa TTSX chimatseguka kukamwa ngati duwa n'kusunga pafupifupi kulemera kwake konse, koma kutsegukako kumadalira liwiro. Likatsika pansi pa 2,000 fps (mafiti pa sekondi) chimangotseguka pang'ono, chimaboola bowo lopyapyala, nyama n'kuthamanga mtunda wautali magazi osaoneka pansi. Kumeneku n'kuzunza nyama, ndipo kumapeweka.

Cha 130 grain chimatuluka pa liwiro la cha m'ma 3,000 fps mumpope wa mainchesi 24, ndipo chimafika pafupi ndi mayadi 400 chisanatsike pa 2,000. Mfuti sikankha kwambiri paphewa, mpope wa 1:12 (womwe mizere yake imazungulira kamodzi pa mainchesi 12 aliwonse) umachigwira bwino, ndipo chifukwa sichitaya thupi chimalowa mozama kuposa chamtovu wamba cha kulemera komweko. Chofooka chake ndi mphepo, imachipatutsa msanga. Pafupi, chikamenya fupa la phewa, chimadetsa nyama yambiri.

Cha 150 grain, pa 2,800 fps, chimalimbako pamphepo ndipo n'choyenera amene amasakanso nyama zazikulu ngati red deer (mbawala yaikulu ya ku Ulaya) yamphongo kapena nguluwe.

Cha 180 grain mu .308 sitikuchilimbikitsa pa mbawala. Chimayamba pa 2,500 fps basi, pofika mayadi 300 chili kale pamalire, ndipo mpope wa 1:12 ukhoza kulephera kuchiwongola. Mukaona mabowo ooneka ngati dzira papepala loyesera, dziwani kuti chikupendama. Malo ake ndi mu mfuti ya .30-06 kapena .300 Winchester Magnum yokhala ndi 1:10.

Vuto la kutalikali linafika mpaka m'malamulo. Ku Scotland kale pa red deer pankafunika chipolopolo chosachepera 100 grain, koma mfuti zambiri za .243 za 1:10 sizinkachiwongola chamkuwa cholemera chotero, ndipo mu 2023 malirewo anatsitsidwa kufika 80 grain. Ku California mtovu unaletsedwa pa ulenje wonse kuyambira pa 1 July 2019.

Pokonza, musatengere muyeso wa wonga wa chipolopolo chamtovu. Gwiritsani ntchito buku la kampani yopanga chipolopolocho, ngakhale kusintha kuchoka pa TTSX kupita pa Hornady CX kapena Nosler E-Tip kumafuna kuyambanso pa muyeso wotsika n'kumakwera pang'onopang'ono, mukuyang'ana ngati primer (kachitsulo koyatsa wonga ka kumbuyo kwa chigoba) ikuphwatalala kapena bolt (chitsulo chotsekera chipolopolo mu mfuti) ikulimba potsegula. Zamkuwa sizikonda kukhudza mizere: Barnes imalangiza kuyamba ndi mpata wa 0.050 inchi pakati pa chipolopolo ndi mizereyo. Tsukani mpope kuchotsa zotsalira za zipolopolo zakale musanayese, ndipo liwiro liyezeni ndi chronograph (makina oyezera liwiro la chipolopolo), chifukwa mpope wa mainchesi 20 sufika pa manambala a m'buku, ndiye kuti malire a 2,000 fps aja amayandikiranso.