Anandimatira stika ya GeForce n'kunena kuti asintha graphics

Shopu imeneyi ndaipatsa nyenyezi zitatu, koma mwini wake asaganize kuti ndi zake. Dzina sinditchula. Ili ku Limbe, pakati pa mashopu a mafoni ndi machaja, ndipo pakhomo pali chikwangwani cholonjeza kuti amasintha graphics card, kachipangizo koyendetsa zithunzi za magemu, m'laputopu iliyonse. Amene mumasewera magemu ndipo mukuganiza zopitako, werengani kaye.

Laputopu yanga ndi Dell Latitude 5420 ya i5-1135G7 ndi RAM ya 8GB, zija zimabwera zitagwirapo kale ntchito m'maofesi akunja. Pa Excel ndi Zoom sindinaidandaulepo. Pa GTA V ndiye inkachita kukokera ngakhale nditatsitsa zonse pa 720p, ndipo gemu ya mpira ya FC 24 inali yosayerekezeka, poti a EA eniake, omwe anaipanga, amati poyambira ndi graphics card ya GTX 1050 Ti kapena RX 570. Nditawafotokozera, bwanawo sanaganize kawiri. "Achimwene, zimenezo timachita tsiku ndi tsiku pano. Tikuikirani NVIDIA ya 4GB, mudzabwera nokha kudzathokoza." Mtengo anati K250,000, theka ndiperekeretu. Mmene zinthu zakwerera chigwereni kwacha mu Novembala 2023, sindinadabwe nawo mtengowo, ndinatumiza pafoni n'kusiya laputopu. Kenako inayambika nyimbo ya mawa mawa: katundu ali pa Mwanza, katundu wafika koma mnyamata wapita kumaliro, lero magetsi kunalibe.

Tsiku lomwe anandiimbira kuti yatheka, ndinaipeza ili pakauntala, yopukutidwa bwinobwino. Pambali pa stika ya Intel panali ina yobiriwira ya GeForce, dzina la makadi a NVIDIA, yomatidwa mopendekera, ngodya imodzi itapindika, kuonekeratu kuti aimatula pa kompyuta ina. Bwanawo anayatsa, analowa mu Display settings mofulumira, n'kundilozera ndi bolopeni. Pa Dedicated Video Memory, pomwe kale pankalemba 128 MB, tsopano panali 512 MB, ndipo pamwamba pake panali nambala ina yoyandikira 4GB. "4GB yanu ndi imeneyo. Malizitsani ndalama."

Ndinati tiyatse kaye GTA, ili momwemo. Akuti batire latsika. Ndinatulutsa chaja m'chikwama. Akuti makasitomala ena akudikira, mukayesere kunyumba. Apa mtima unayamba kuwira. Ndinakokera laputopu kwa ine n'kutsegula Device Manager, pomwe Windows imaonetsa zipangizo zomwe zili m'kompyuta. Pansi pa Display adapters panali mzere umodzi wokha: Intel UHD Graphics.

"Bwana, NVIDIA ija ili kuti?"

"Ili mkatimo. Windows imachedwa kuizindikira, ipatseni masiku."

"Ndiye tsegulani kunsiku tiione ndi maso."

"Tikatsegulanso, waranti ithera pomwepo."

"Waranti yake iti pa laputopu ya kaunjika? Nanga inu poika munalowera pati?"

Anthu odutsa anayamba kuima pakhomo. Mayi wina amene anabwera kudzakonzetsa foni anaibwezera m'chikwama n'kutuluka. Bwanawo ndiye anayamba kukalipa kuti anthu a magemu ndife ovuta, kuti ine za makompyuta sindizidziwa, kuti ndalama ikalowa m'shopu mwawo situlukanso. Mawu amenewo anandipweteka kwambiri, poganiza kuti woyankhulayo ndi munthu amene wasunga laputopu yanga nthawi yonseyi, wamatapo kapepala, ndiye akufunanso K125,000 ina popanda manyazi ngakhale pang'ono.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi mnyamata wokonza amene amakhala kuseri, patebulo lodzaza tima screwdriver ndi mabodi akufa. Anadzuka, anatenga laputopu pakauntala abwana ake akuona, n'kunena kuti, "Achimwene, tabwerani kuno muone nokha." Anamasula chivindikiro chapansi n'kundionetsa bodi yonse. Malo olowetsapo graphics card mulibe. Graphics za makina amenewa zili mkati mwa purosesa momwemo, ndipo purosesayo ndi yowotcherera pa bodi. Anati ngakhale malaputopu a magemu okhala ndi NVIDIA yeniyeni, chip yake nayonso imakhala yowotcherera. Osinthika ndi ochepa kwambiri: akale akuluakulu aja okhala ndi kadi ya MXM, kapena Framework Laptop 16 yomwe anaipanga dala kuti gawo la graphics lizichoka. Za 512 MB zija anandionetsanso. Mu regedit, pulogalamu yosinthira zoikamo zamkati za Windows, pansi pa Intel, munthu amapanga kiyi yotchedwa GMM n'kulembamo DedicatedSegmentSize ndi nambala yomwe akufuna. Windows imangoonetsa nambalayo, mphamvu siwonjezeka. N'chimodzimodzi kulemba 50kg pa thumba la chimanga la makilo 25. Ndipo 4GB ija inali theka la RAM yanga yomwe, imene Windows imalola graphics kubwereka kuyambira kale. Anafufuta kiyiyo ine ndikuona, stika anaimatula ndi chikhadabo n'kuitaya m'bini.

Kuchokera apa nkhani inasintha, ndipo n'chifukwa chake sindinapereke nyenyezi imodzi. Mnyamatayo anandilozera malo awiri a RAM, ena ali ndi kamtengo ka 8GB, ena opanda kanthu. Anati popeza graphics za Intel zilibe memory yakeyake ndipo zimadalira RAM, kamtengo kamodzi kamazipanikiza. Tikaika kachiwiri kofanana nako, njira zimakhala ziwiri, zomwe amati dual channel. Anapeza ka 8GB DDR4-3200, anakaika, anachotsa fumbi lomwe linaundana pakamwa pa fani, anapala thermal paste wakale yemwe anali atauma mpaka kung'aluka n'kupaka watsopano. Poyatsa, mzere uja wa mu Device Manager unasintha wokha kukhala Intel Iris Xe Graphics. Ndinkayesa ndi matsenga enanso, koma anandionetsa kuti opanga malaputopu amalemba okha zimenezi: ndi kamtengo kamodzi, Iris Xe imagwira ntchito ngati UHD. Tinayatsa GTA pomwepo patebulo lake. Ma FPS, chiwerengero cha zithunzi pa sekondi, omwe ankazungulira m'ma 20 anakwera kufika m'ma 40, nthawi zina kupitirira, ndipo fani inasiya kulira mokuwa muja. Kwa munthu amene ali ndi laputopu yotere ndipo thumba ndi lopyapyala, yambani ndi pamenepa. Ndi ntchito ya ola limodzi.

FC 24 inali ikadali yolemera, ndiye anandionetsa pambali pa laputopu pomwe pali kabowo ka USB-C kokhala ndi chizindikiro cha mphezi. Imeneyo ndi Thunderbolt 4, ndipo anatsindika kuti si USB-C iliyonse yomwe ili choncho. Pa kabowo kopanda Thunderbolt kapena USB4, bokosi la graphics lakunja, eGPU ija, siligwira ngakhale chingwe chitalowa bwinobwino. Anandipezera Razer Core X yogwirapo kale ntchito kuchokera ku Johannesburg, mkati muli GTX 1660 Super ya 6GB. Inafika sabata yomwe ananena. Mtengo wake ndi waukulu, zinthu ziwirizi pamodzi ndi ndalama ya laputopu ina ya kaunjika, ndipo ndinachita kuganiza kwambiri ndisanavomere.

Chomwe ndinamukondera mnyamatayu n'choti zoipa zonse anandiuziratu ndisanalipire. Anati kadi imeneyi singathamange ngati mmene ikanachitira mu desktop, chifukwa Thunderbolt, ngakhale amalemba 40Gbps, imapatsa kadi njira zinayi zokha za PCIe pomwe pa bodi ya desktop imakhala ndi 16. Anati ndisamasewerere pa sikirini ya laputopu, chifukwa chithunzi chimayenera kubwereranso kudzera m'chingwe chomwecho n'kudya liwiro. Ndilumikize TV kapena monitor pa HDMI ya kadiyo mwachindunji. Ndinayesa njira zonse ziwiri kunyumba ndipo kusiyana kwake kumaoneka ndi maso. Pa TV, FC 24 ikuyenda pa 1080p mosadodoma, mpira ukuchoka kuphazi nthawi yomwe ndadina, ndipo anzanga amene ankakana kubwera kwathu kudzasewera tsopano Loweruka amadzaza pabalaza. Bokosilo lili ndi power supply ya 650W ndipo limatchaja laputopu mpaka 100W pa chingwe chomwecho, ndiye chaja yakale inabwerera m'chikwama.

Zina n'zoti muzidziwe basi. Purosesa ya i5 imeneyi ili ndi ma core anayi ndipo inapangidwira ntchito za muofesi, choncho pa magemu okhala ndi anthu ndi magalimoto ambiri nthawi imodzi imatsalira, kadi n'kumaidikira. Bokosi ndi lalikulu ndi lolemera, silonyamula kupita nalo kuntchito, ndipo chingwe cha Thunderbolt n'chachifupi, chosakwana mita, ndiye ziwirizi ziyenera kukhala patebulo limodzi. Chachikulu kwa ife kuno ndi magetsi. Akazima, laputopu imapitiriza ndi batire koma bokosi limafa nthawi yomweyo ndipo gemu imatsekeka pakati pa mpira. Popanda UPS kapena inverter mudzalira, makamaka mukamasewera pa intaneti.

Pa nkhani ya ndalama ndiye bwanawo sanasinthe. K125,000 yanga ija anachotsapo ya RAM ndi ya ntchito ya mnyamatayo, zomwe sindikutsutsa, anachotsanso K40,000 akuti ndi ya "leba yoyamba". Leba yake iti? Yomata stika ndi kulemba bodza mu regedit? Nditafunsa anangoti tikambirana mwezi ukatha, ndipo mawu oti pepani sanatuluke pakamwa pawo mpaka lero. Chikwangwani chija chikadali pakhomo, kutanthauza kuti wina amene sadziwa kutsegula Device Manager adzalipira ndalama yonse n'kupita kwawo ndi stika. Mnyamatayo ndinamupatsa yake ya m'manja padera chifukwa ndikukayika ngati abwana akewo amamulipira molingana ndi zomwe amadziwa. K40,000 yanga ndikuifunabe, ndipo uthenga wa pafoni wosonyeza zomwe ndinatumiza ndinausunga.